Ndinachotsetsa Ntchito Aphunzitsi Amene Anandiveka Katoni

Ndinaphwanya lonjezo limene ndinapereka ndi pakamwa panga, ndipo ndinaliphwanya dala. Inu owerenga, sindikunamizani kuti chala chinaterereka pafoni, kapena kuti Satana anandinyenga monga amanenera ena akagwidwa. Ndinkafuna kuti bambo wina amve kuwawa, ndinakonza njira yake, ndipo anamvadi. Dzina langa sinditchula. Bambowo tingowatcha a Makwinja, ngakhale si dzina lawo.

Ndinakulira m'mudzi wina kufupi ndi Mitundu. Nditafika Sitandade 6, a Makwinja ndiwo ankatiphunzitsa Chingerezi, ndipo anali ndi lamulo lawo lakuti pasukulu Chichewa chisamveke. Anadula katoni, n'kuiboola, n'kumangamo chingwe cha khonje. Pakatonipo analemba m'Chingerezi mawu otanthauza kuti, ndine mbuli, ndimalankhula Chichewa. Ukagwidwa ankakukoleka katoniyo m'khosi, ndipo njira yoivulira inali imodzi yokha: kugwira mnzako. Choncho tonse tinasanduka akazitape. Wovala katoni ankayenda mozemba kuseri kwa zimbudzi, khutu lili tcheru, ndipo ena ankachita kukutsina kuti ukuwe m'Chichewa. Amene belu loweruka lamupeza nayo ankatsala kukumba dzenje la zinyalala.

Tsiku lina ndinachoka kunyumba osadya kanthu. Amayi anandilondola ndi mbatata ziwiri zootcha atazikulunga m'kansalu. Anaima pawindo la kalasi n'kuitana dzina langa motsitsa, ine n'kuyankha kuti, “Wawa amayi, ndikubwera.” Mawu atatu basi. A Makwinja anandiimika kutsogolo n'kundiveka katoni ija amayi akuona. Amayi anga sanapite kusukulu. Ataona mwana wawo waimikidwa kutsogolo, akumuveka chinthu cholembedwa m'khosi, anayesa kuti ndapambana mayeso. Anaimba nthungululu pawindo pomwepo n'kuwomba m'manja. Kalasi yonse inafa ndi phwete, ndipo a Makwinja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi tayi.

Madzulo ake mwana wa aneba anawauza amayi zimene zinalembedwa pakatoni paja. Sanandikalipire, sanalire pamaso panga, koma pasukulupo sanapondeponso mpaka imfa yawo. Ine ndinatseka pakamwa. Teremu yonse sindinayankhe funso m'chilankhulo chilichonse. Chaka chotsatira a Makwinja anasamutsidwa, koma mumtima mwanga sanasamuke. Chingerezi ndinadzachidziwa bwino, koma ndinachiphunzira ndi mkwiyo, kuti tsiku lina ndidzakumane nawo ndili nacho chokwanira. Mawu odzawalalatira ndinawakonza kalekale, ndipo ndinkawabwereza potunga madzi ndi pochapa.

Patapita zaka pafupifupi makumi awiri, ndinapeza ntchito pa kafukufuku wa mayi wina wa ku yunivesite, amene tinkangowatcha Madamu. Ankafuna kudziwa mmene aphunzitsi ndi ana amagwiritsira ntchito Chichewa ndi Chingerezi m'kalasi: mphunzitsi amasiya pati Chingerezi n'kulowa m'Chichewa, chifukwa chiyani, ndipo akatero ana amamva kapena ayi. Ntchito yanga inali kuika kamakina kojambula mawu patebulo la mphunzitsi, kukhala kumbuyo osalowerera, kenako kukalemba pa laputopu chilichonse chomveka, liwu ndi liwu, ngakhale kutsokomola ndi kuseka. Madamu anatiphunzitsa sabata yathunthu, ndipo nyimbo yawo inali imodzimodzi tsiku lililonse: munthu akakulola kumujambula, wakusungitsa mbiri yake. Dzina lake sulemba, umamupatsa nambala. Mawu ake satuluka mu laputopu.

Tinazungulira sukulu za ku Mitundu, kenako tinalowera ku Nathenje. Kumeneko kunali sukulu yapulaiveti ya mpanda wa malata, pageti atalemba ndi penti yofiira kuti pano timalankhula Chingerezi chokhachokha. Makolo amagulitsa fodya ndi soya kuti mwana akalowe pageti limenelo. Titalowa m'kalasi ya Sitandade 5, tinapeza mkulu wa imvi, wa jekete lotha m'zigongono, akufufuta bolodi. Asanatembenuke n'komwe ndinali nditawadziwa. Anali a Makwinja, amene atapuma ntchito m'boma anapeza malo pamenepo. Anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kunditcha mwana wanga, osandizindikira ngakhale pang'ono. Zimenezo zinandiwawa kuposa katoni. Ine ndawasenza zaka zonsezi, iwo akugona tulo tabwino.

Madamu anawawerengera fomu ya chilolezo, n'kuwapempha kuti aphunzitse monga amachitira masiku onse. A Makwinja anagwira cholembera osasaina. Anayang'ana kukhomo, kenako anayang'ana ine, chifukwa kamakina kanali m'manja mwanga.

“Eni sukulu sadzamva zimenezi?”

“Sadzamva, bambo,” ndinatero. “Zimathera m'manja mwathu.”

Anasaina.

Phunziro linayamba m'Chingerezi, nkhani ya mlimi ndi dimba lake. Ana anangoti duu, maso pabolodi, palibe wokweza dzanja. Kenako a Makwinja anapita kukatseka chitseko, n'kutembenuka, n'kuyamba kufotokoza nkhani yonse m'Chichewa, Chichewa chokoma cha kwathu konkuno. Anafunsa kuti ndani kwawo ali ndi dimba, manja anakwera kalasi yonse. Kamtsikana kena ka kutsogolo kanati kwawo amathirira mpiru ndi tomato, iwo n'kulemba pabolodi mayinawo m'zilankhulo ziwiri. Pomaliza ana anabwerera m'buku n'kuwerenga Chingerezi chija akudziwa chimene akunena. Madamu ankangogwedeza mutu mokondwa. Ine kumbuyo kuja mtima unkandipsa. Munthu amene anachititsa manyazi amayi anga chifukwa cha mawu atatu, lero akuthira Chichewa ngati madzi a pamjigo, ana akuseka naye.

Phunziro litatha, Madamu anatenga kamakina n'kupita ndi a Makwinja mu ofesi kukawafunsa mafunso, ine n'kutsala m'kalasi kutolera mapepala a ana. Potsanzika a Makwinja anandigwiranso chanza. Mawu onse amene ndinakonza zaka zija anali pamlomo, koma sindinawatulutse. Ndinali nditapeza chinthu chowawa kuposa kulalata.

Pobwerera ndinakwera njinga yamoto yodulira njira yafumbi. Nditafika kunyumba, ndisanasambe n'komwe, ndinatsegula laputopu. Ndinadula mphindi zitatu pamene Chichewa chinali pachimake, n'kuziika m'foni. Tili ndi gulu la pafoni la anthu amene tinaphunzira limodzi ku pulayimale. Ndinatumiza mmenemo n'kulemba kuti, mukuwakumbukira a katoni aja? Mverani Chingerezi chimene akuphunzitsa ku Nathenje. Dzina la sukulu ndinalitchulanso, kuti nkhani isasochere. Lonjezo lija sindinaliiwale ayi, ndinatumiza ndikulikumbukira bwinobwino.

Gulu linagwedezeka. Wina anatumiza chithunzi cha chipsera cha khasu chimene anachitenga pa dzenje la zinyalala lija, wina anati Mulungu sagona. Ine ndinasanduka ngwazi. Mmodzi wa anzathuwo ali ndi mlamu wake amene mwana wake amaphunzira pasukulupo, moti kutacha nkhani inali itafika kwa makolo. Lachisanu makolowo anasonkhana pageti kufunsa ngati amagulitsira fodya wawo Chichewa chimene mwana amachipeza ulele kunyumba. Eni sukulu sanachedwe. A Makwinja anatuluka ndi mabuku awo m'jumbo, ana akuonera pawindo.

Ndikuuzeni zoona, ndinasangalala. Ndinapita pamsika pa Mitundu, ndinagula kanyenya wa mbuzi, ndinadya ndekha pang'onopang'ono mpaka kunyambita zala. Mumtima ndinalankhula ndi amayi kuti, mwaona, nawonso atuluka anthu akuwaonera pawindo. Sabata imeneyo ndinagona bwino kwambiri.

Koma ntchito yolemba mawu silola kudumpha. Sabata yotsatira ndinafika pa Mphunzitsi nambala 14, ndinavala zomvera m'makutu, n'kuyamba kulemba mawu a munthu amene ndinamuchotsetsa ntchito. Phunziro litatha panabwera zokambirana za mu ofesi zija, zimene ine sindinazimve. Madamu anawafunsa chifukwa chimene amaphwanyira lamulo la sukulu. A Makwinja anayankha motere.

“Madamu, ine kale ndinali ndi katoni yanga. Ndinkayesa ndikuthandiza ana. Ku Mitundu ndinaveka kamtsikana kena mayi ake ali pawindo, mayiwo n'kululutira. Ndinaseka. Mwana uja anali wanzeru, koma kuchokera tsiku lija sanatsegulenso pakamwa. Dzina ndinaiwala, koma nthungululu ija imandipezabe. Atandisamutsa, katoni ndinaitaya m'chimbudzi. Mwana wamantha saphunzira chilankhulo, amangophunzira kukhala chete.”

Zimenezo ndinazilemba ndi zala zanga, n'kubwezanso kumbuyo katatu kuti ndisaphonye liwu, monga ntchito imafunira. Musaganize kuti mtima unafewa pomwepo. Unayamba wauma. Ndinati, ngati zinkawawawa, bwanji sanabwere kwathu amayi ali moyo? Mudzi wathu sunasamuke. Kulapa kwa mu ofesi, pamaso pa mlendo, kunawathandiza chiyani amayi anga? Ndipo dzina langa n'kuliiwala, ngati ndinali mbuzi ya eni yongodutsa. Mpaka lero mafunso amenewo sindinawasiye.

Nkhani ya kutuluka kwa mawu aja itawafika, Madamu sanavutike kufufuza, pakuti kamakina kankagona kwa ine. Sanakweze mawu. Anangondifunsa kuti, “Munawauza chiyani bambo aja asanasaine?” Ndinabwereza mawu anga aja, ndipo anandiuza kuti ndisiye laputopu patebulo. Sukulu zina za ku Nathenje zinakana kutilandiranso. Aphunzitsi amene tinawajambula kale anayamba kuimba mafoni kuti mawu awo afufutidwe. Phunziro la a Makwinja, limene Madamu ankati likuonetsa bwino koposa mmene Chichewa chingamuthandizire mwana kufika pa Chingerezi, nalonso linafufutidwa, chifukwa mwini wake anapempha.

Patapita mwezi ndinapita ku Nathenje. Sindikudziwa ngati ndinkapita kukapepesa kapena kukaona mmene agwera, mwina zonse ziwiri. Ndinawapeza pakhomo pawo akutong'ola chimanga m'lichero, mkazi wawo wodwala miyendo ali pamphasa. Ndinadzitchula dzina, ndinatchula mudzi, ndinatchula windo ndi mbatata. Anaika chitsononkho pansi.

“Ndiye ndinu? Mayi aja ali bwanji?”

“Anamwalira.”

Anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Ndinayembekezera kuti akalipe, kuti nanenso ndikhuthule zanga, koma sanandipatse mpata umenewo. Anangoti, “Ine mwandilanga, ndipo sindidandaula, zinandiyenera. Koma pobwerera mudzere pasukulu paja.”

Ndinadzera. Inali nthawi yopuma, ndipo ndinasuzumira pampata wa malata. Eni sukulu, pofuna kutsitsa mitima ya makolo, anali atalemba mphunzitsi watsopano, wa tayi yonyezimira, n'kukhwimitsa lamulo. Bwalo linali lodzaza ana koma phokoso linali lochepa. Pafupi ndi thanki ya madzi panaima kamtsikana kaja ka mpiru ndi tomato. Kanali ndi katoni m'khosi. Chingwe chinali cha pulasitiki, osati khonje, koma mawu ake sankasiyana kwenikweni ndi amene ndinavala ine. Kenako kanayamba kuyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa anzake, khutu lili tcheru.

Amati nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, koma izi ndinadya ndine wamkulu, ndipo zikupota ana. Inu owerenga, a Makwinja anandilakwira, zimenezo sindidzazibisa, ndipo palibe akanandiletsa kuwayang'ana m'maso n'kuwauza. Tsiku lija m'kalasi pakamwa ndinali napo, Chichewa ndinali nacho, Chingerezi ndinali nacho chokwanira. Koma ndinasankha kuzembera kuseri, khutu lili tcheru, monga katoni inatiphunzitsira.

Ngati muli ndi chakukhosi, pitani nacho kwa mwini wake dzuwa likuswa mtengo, mukachinene pamaso pake. Ngati munthu wakulolani kujambula mawu ake, kaya pa kafukufuku, kaya pafoni chabe, musawasandutse mpeni, chifukwa simudziwa amene waima kumbuyo kwake. Inunso makolo, mukamva kuti mphunzitsi akufotokozera mwana wanu m'Chichewa, musathamangire pageti musanamufunse mwanayo chimene wamva. Ine katoni ndinaivala tsiku limodzi, ndinaisenza zaka makumi awiri, n'kukaivulira m'khosi mwa mwana amene sanandilakwire kanthu.