Wotchi yanga pa mkono wa a Yusufu

Chizindikiro choyamba chinali nambala chabe. Lolemba lina kumayambiriro kwa Epulo nditadzuka ndinayang'ana wotchi pa mkono monga mwa masiku onse, ndipo inalemba 74. Imeneyo ndi nambala ya mmene mtima ukugundira pa mphindi imodzi munthu akangokhala phee. Kwa miyezi yambiri yanga inkakhala pa 58 kapena 60. Panalibe pomwe pankandipweteka. Ndinamanga nsapato n'kupita kothamanga.

Ndili ndi zaka 54. Ndinabadwira ku Rugare konkuno, kudziko la anthu oyankhula Chishona, m'nyumba imene bambo anga a ku Ntcheu anapatsidwa akugwira ntchito ya njanji, ndipo ndimagwira pa fakitale yopanga makatoni ku Graniteside. Mkazi wanga anamwalira zaka zinayi zapitazo. Anagwa akuyanika zovala kuseri kwa nyumba, madokotala anati ndi sitiroko, patatha masiku atatu anatisiya. Kuyambira pamenepo zinthu zambiri ndinasiya kuzimva mumtima. Kuthamanga sindinakuyambe chifukwa chokukonda ayi, koma chifukwa m'mawa m'nyumba munkangoti zii.

Wotchiyo anatumiza pa basi ndi mwana wanga mmodzi yekhayo, Tiyamike, amene amagwira m'sitolo ya mankhwala ku Joni. Pansi pake pali kagetsi kobiriwira kowerenga mtima, ndipo ukadina batani poyamba kuthamanga imajambula pa mapu njira yonse imene wadutsa. Tiyamike anailumikiza ndi foni yanga mwanjira yoti chilichonse chofika mu foni yanga chizifikanso mu yake. Ndiye anandiphunzitsanso kuigwiritsa ntchito pokonzekera mpikisano wa makilomita 21 wa mu Seputembala. Masiku othamanga pang'onopang'ono mtima usapitirire 135, masiku othamanga zolimba ufike 160 koma kwa kanthawi. M'mawa uliwonse ndikabwerako ankanditumizira mawu awiri okha: "Ndaona, Baba."

Pofika kumapeto kwa Epulo nambala ya m'mawa inali pa 85. Mu Meyi inalowa m'ma 90. Ndikayamba kuthamanga, ndisanafike n'komwe pamene msewu umadutsa njanji, wotchi inkanjenjemera pa mkono, 170, kumachita kundikalipira ngati kapitao. Ndinkadya ngati dzombe koma lamba wa buluku ndinamuboola mabowo awiri atsopano. Kuzizira kunayamba, anzanga atavala majuzi, ine thukuta kamukamu. Kapu ya tiyi ndinkaigwira ndi manja awiri kuti isatayike. M'mimba munkatseguka kawirikawiri.

Kwathu kuno mwamuna wamasiye akayamba kuonda, anthu safunsa. Amakupatsa moni bwinobwino, ukadutsa n'kuyang'anana. Sindingawanene, chifukwa yankho limene iwo anali nalo inenso ndinali nalo lomwelo. Mkazi wanga atamwalira panali mayi wina amene ndinayenda naye miyezi ingapo, ndipo magazi sindinakayezetsepo. Sindinganene kuti ndinkachita mantha monga anthu amafotokozera mantha. Ndinangouma. Ndinkadzuka, kuona nambala, kusamba, kukwera kombi, minibasi ya kuno, kugwira ntchito, kubwerera.

Tiyamike ndiye sanaume. Pakati pa Meyi anayamba kundiuza kuti ndipite ku kiliniki. Ndinati lamba wa wotchi wakhwefuka. Anati ndimumange. Ndinati mwina ndi kuzizira. Anati kuzizira sikuchita zimenezo. Mawu awiri aja anasanduka mauthenga ataliatali, ndipo ine ndinatopa nawo kuposa mmene ndinatopera ndi matendawo.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndalembera nkhani ino. Ku ntchito ndili ndi mnzanga, a Yusufu, amene amayendetsa kagalimoto konyamula katundu m'fakitale. Amakhala ku Mbare, ndi Msilamu, makolo awo anachokera ku Mangochi, ndipo ndimawaposa zaka khumi. Loweruka tinkathamanga limodzi, iwo kumandidikira pa ngodya iliyonse. Wotchi yanga ankaisirira kuyambira kale. Ndinawauza kuti bondo likundivuta, ndipumula kaye, aitenge azikonzekera nayo mpikisano. Sindinawauze kuti manambala ake amapita ku Joni. Nthawi ya tiyi ndinkangokhala pafupi nawo foni ili m'thumba, wotchi n'kumakhuthulira zonse mu foni yanga payokha. Kwa Tiyamike ndinati wotchi ndaikonzetsa, ndipo tsopano ndimathamangira ku Mbare ndisanalowe ntchito popeza ndi pafupi ndi fakitale.

Patatha masiku atatu uthenga unabwera: "Ndaona, Baba. 54! Mulungu ndi wabwino." Ndinauwerenga nditakhala pa masitepe a fakitale, chifukwa ndinali nditalephera kuwakwera onse nthawi imodzi.

Zinayenda choncho masabata asanu. Ndinene zoona, mkono wopanda wotchi unandipatsa mtendere. Nambala palibe, wondifunsa palibe. Koma akakolo anayamba kutupa madzulo, nsapato kumathina. Mtima unkati wathamanga, waima, wathamanganso, ngati nkhuku yomangidwa miyendo. Kutchalitchi ndinasiya kuimirira poimba. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chinaimba miyezi itatu, ine n'kukaibisa ng'omayo kwa mnzanga.

Lachisanu lomaliza la Juni a Yusufu anachedwa kuweruka kupita ku mapemphero a masana. Anaganiza zothamanga, ndipo monga munthu wokonda chida chake anadina batani. Wotchi inajambula mzere wochokera pa geti la fakitale mpaka pa mzikiti ku Mbare, inaima pamenepo pafupifupi ola, n'kubwereranso. Madzulo ake tinakhala limodzi podikira kombi, ndipo zonse zinalowa mu foni.

Loweruka m'mawa foni inalira. Tiyamike masiku onse amandiyankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, monga ana athu onse a kuno. Tsiku limenelo anayankhula Chichewa, chija amayi ake ankayankhula akakwiya.

"Baba, mwalowa Chisilamu osandiuza?"

Ndinayesa kuseka. Iye sanaseke.

"Ndabwerera m'mbuyo masabata asanu. Liwiro ili inu simunathamangepo chibadwire. Mtima umene ndakhala ndikuonawu ndi wa ndani?"

"Wa a Yusufu."

"Nanga wanu uli pa zingati?"

"Sindikudziwa."

Pa foni ndinkamva magalimoto a ku Joni akudutsa. Kenako anati, "Amai ndinawapeza ali kale ku nyumba ya chisoni. Inu sindikupezani kumeneko. Lolemba mukapanda kupita ku kiliniki, ndisiya ntchito ndikwere basi."

Ndinaimbira a Yusufu n'kuwauza zonse. Masana anafika pa njinga, sanalole n'kulowa m'nyumba komwe. "Achimwene, mwandigwiritsa ntchito yoipa," anatero. "Mukabisa matenda, maliro tidzamva." Anavula wotchi n'kundimanga okha pa mkono, tinakhala pa khonde kuiyang'ana. Inalemba 128, kenako 141, kenako 112, ine nditangokhala pa mpando.

Lolemba ndinafika pa kiliniki yathu sikisi koloko isanakwane, ndinapeza anthu khumi ndi angapo patsogolo panga. Tinkasuntha pa benchi mmodzimmodzi. Cha m'ma naini namwino anandikweza pa sikelo, anandiyeza BP, kenako anandigwira pa mkono ndi zala akuyang'ana wotchi yake ya pachifuwa. Anawerenga kawiri, anaitana mnzake kuti awerengenso. Sanandikalipire. Analemba kalata n'kunena mondilemekeza m'Chishona kuti, "Sekuru, simubwerera kunyumba. Mupite ku chipatala chachikulu lero lomwe, ndipo musapite nokha." A Yusufu anapempha ku ntchito n'kudzandiperekeza.

Ku chipatala tinadikira mpaka dzuwa kupendeka. Anandimata timawaya pachifuwa, makina anatulutsa pepala lalitali la mizere yokhotakhota. Dokotala anali mayi wachitsikana, wamsinkhu wa Tiyamike. Anaima kumbuyo kwanga, anandigwira pakhosi n'kundiuza kuti ndimeze malovu. Anati nditambasule manja, anaikapo pepala, pepalalo linkagwedera lokha. Anafunsa kuti zinayamba liti, ndinatsegula foni n'kumuonetsa manambala kuyambira mu Epulo. Atafika pa masabata asanu abwino aja anadabwa, ndinati amenewo awadumphe, si anga.

Madzulo omwewo anandilowetsa m'kachipinda ka uphungu n'kundibaya chala. Tinadikira mphindi zingapo. Mlangizi anati, "Mulibe kachilombo." Chinthu chimene ndinachithawa miyezi itatu chinatha pa nthawi yosakwana kuwiritsa tiyi. Sindinasangalale, sindinalire. Ndinangoti zikomo n'kutuluka.

Anandigoneka masiku asanu ndi limodzi. Mu wodi tsiku limayamba kusanache ndi kuyeza kutentha kwa thupi, kenako phala, kenako kudikira madokotala cha m'ma naini, kenako kudikira nthawi ya alendo. Anayeza makhololo, TB sanaipeze. Shuga sanamupezenso. Magazi ena anawatumiza kwina, zotsatira zinatenga masiku atatu. Akazi a a Yusufu ankatumiza mpunga masana aliwonse, amayi a kutchalitchi kwathu anabwera kawiri kudzaimba. Ine ndinkangoyang'ana denga, kuwerenga matailosi.

Lachisanu dokotala uja anabwera ndi pepala. Anati chithokomiro changa, kanthu ka pakhosi kamene kamayendetsa liwiro la thupi lonse, chinkagwira ntchito mopitirira muyeso. N'chimene chinkandiondetsa, kunditulutsa thukuta ndi kusokoneza kagundidwe ka mtima. "Mtima ukamagunda mosalongosoka chonchi," anatero, "magazi amatha kuundana m'kati mwake, kachidutswa n'kupita ku ubongo."

"Sitiroko?" ndinafunsa.

"Inde. Mwabwera isanachitike. Ambiri timawalandira itachitika."

Ndinakumbukira mkazi wanga ali pansi kuseri kwa nyumba, zopanira zovala zikadali m'dzanja. Ndinagwedeza mutu n'kufunsa kuti mankhwala ndizimwa kangati.

Anandipatsa a mitundu itatu, ochepetsa mphamvu ya chithokomiro, odekhetsa mtima, ndi oletsa magazi kuundana. Anandiletsa kuthamanga mpaka adzanene okha. Anandichenjezanso kuti ndikadzamva zilonda zapakhosi pamodzi ndi kutentha thupi ndisadzadikire tsiku lokaonana ndi dokotala, ndidzabwere nthawi yomweyo. Mwezi uliwonse ndinkapita kukayezetsa magazi, benchi yomweyo, mzere womwewo. Mu Julayi nambala ya m'mawa inatsika kufika 90, mu Ogasiti 78. Manja anasiya kunjenjemera, mabowo awiri a lamba aja ndinawasiya. Mpikisano wa mu Seputembala a Yusufu anathamanga mkono uli wopanda kanthu. Ndinawapempha kuti abwereke wotchi tsiku limodzi lokhalo, anakana. Ndinaima m'mbali mwa msewu nditawagwirira jekete.

Mu Okutobala anandilola kuyenda ndawala. Mu Novembala anati ndikhoza kuthamanga pang'onopang'ono, mtima usapitirire 130. Munthu amene ndinkalota makilomita 21 ndinkapitiriridwa ndi amayi opita ku msika atasenza madengu a tomato.

Tiyamike anabwera pa Khirisimasi. Za wotchi sanazitchule masiku awiri. Tsiku lachitatu akutsuka mbale, ine ndikupukuta, ananena osandiyang'ana: "Masabata asanu aja m'mawa uliwonse ndinkagwada kuthokoza Mulungu, Baba. Ndinkathokoza chifukwa cha mtima wa munthu wina." Ndinaika mbale pansi. Pa maliro a amayi ake sindinagwetse msozi, anthu mpaka ankanditama kuti ndine wolimba. Tsiku limenelo ndinalira m'khitchini ngati mwana, ndi manyazi, iye n'kumapitiriza kutsuka.

Lero ndili bwino. Mankhwala a chithokomiro ndikumwabe, ena aja dokotala anandisiyitsa mtima utalongosoka, ndipo ndimakayezetsa pakatha miyezi itatu iliyonse. Ndimathamanga makilomita asanu ndi atatu katatu pa sabata. Kwa anzanga amene muli ndi mawotchi amenewa ndikuti, si dokotala, matenda anga sinawatchule dzina. Koma nambala ya m'mawa ikakwera n'kukhala pamwamba sabata ndi sabata, musanamizire lamba kapena nyengo. Ndipo amene mulibe wotchi, buluku likayamba kukhwefuka popanda chifukwa, pitani mukakhale pa benchi. Ine ndinadziweruza ndekha matenda amene ndinalibe, pamene enieniwo anatsala pang'ono kundigwetsa. Ngakhale akanandipeza ndi kachilomboko, mankhwala ake anali pa windo lomwelo limene ndimalandirira anga.

M'mawa uno wotchi yalemba 63. Mzere wa pa mapu wayambira pa geti langa, wadutsa njanji, wabwerera pa geti langa. Mawu awiri akale aja Tiyamike sanawatumizenso kuyambira mu Juni. Masiku ano ndikangofika, ndisanavule n'komwe nsapato, uthenga wake umafunsa kuti, "Ndi inu?"

Ndimayankha kuti, "Ndine."