Kiyi ya Pakhosi pa Bambo

Lachitatu, 17 Julayi 1957

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, manja atauma ndi chisanu, mumtima muli zii ngati sindinayambe kukhulupirira kuti bambo amwalira. Amayi a nyimbo anali atagona modalirana pakhonde. Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka kale m'mafuwa asanu, nandolo akuwira. Kutayera, anthu anayamba kutulukira m'chigwa, ena ochokera ku Nazombe atasenza nkhuni, Asilamu a ku Migowi atakankha njinga zomwe bambo ankawawotcherera. Chiperoni chinaphimba phiri lonse.

Bambo anapangira anthu ambiri mitanda yachitsulo, ankati wamtengo ndi chakudya cha chiswe. Choncho mayi ananena kuti maliro sanyamuka popanda mtanda wawo. A Mulepa, amene ankagwira ntchito ndi bambo, anadula zitsulo ziwiri dzulo, kunangotsala kuzilumikiza. Anagubuduza masilinda a gasi wowotcherera kuchoka m'shedi, koma kiyi yotsegulira sinaoneke. Anakhuthula bokosi la zida, anapisa m'matumba a ovololo, anasanthula ndi kudenga komwe.

Dzuwa litakwera, amuna anaunjikana pamenepo. Wina anabweretsa sipanala ya njinga, inaterereka. Wina anati pulayala. Bambo wina wachipewa anati kachitsulo kotsegulira gasi kachita dzimbiri, akathire mafuta n'kukagogoda ndi hamala. A Mulepa ankakana, koma motsitsa mawu, poti onsewo anali akulu kwa iwo, ndipo adzukulu anali atatumiza kale uthenga kuti manda atha.

Ine ndinali nditanyamula ndowa. Ndinaona hamala ija, ndinaona moto wa amayi chapafupi, ndi ana akuthamangitsana pakati. Bambo ankanena kawirikawiri kuti silinda siimenyedwa, siilawa mafuta, siigonekedwa, ndipo imatsegulidwa pang'ono ndi kiyi yake yokha, kiyiyo n'kuisiya pomwepo kuti zikavuta utseke msanga. N'chifukwa chake ankaivala pakhosi. Nditakumbukira zimenezo ndinatula ndowa.

Mtsikana salankhula pabwalo la amuna pamaliro, ndiye ndinapita kwa azakhali, mlongo wa bambo, ndi kugwada.

“Azakhali, pakhosi pa bambo panali kachitsulo pa chingwe. Kali kuti?”

Anandikokera pafupi. “Tsitsa mawu, iwe. Adzukulu atakapeza posambitsa ndinati akabise m'kati mwa malaya. Ukufuna aphunzitsi a tchalitchi adziwe kuti ankavala chithumwa cha ku migodi?”

“Si chithumwa, azakhali. Ndi kiyi imene akufunayo.”

“Zaka zonsezi ndakhala ndikumupempherera mlongo wanga chifukwa cha sipanala?”

Anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka kulira. Kenako anatuma mayi wina kukauza amuna kuti asiye kaye hamala.

Bokosi linali lisanakhomedwe. Mkulu wa adzukulu anamva nkhaniyo ndipo anati munthu wovekedwa kale za paulendo savulidwa kanthu popanda kumuveka china. Tonse tinangoyang'anana. Ndinavula korona yanga ya kusukulu ndi kuwapatsa. Analowa okha m'nyumba, natseka chitseko, natuluka atafumbata kiyi.

A Mulepa anabwezera masilinda kuseri kwa shedi, kutali ndi moto, nawaimika chilili. Tsopano mawu awo anamveka, anabweza anthu onse m'mbuyo, ndi wachipewa yemwe. Kiyi inalowa bwinobwino ndipo anaipotoza pang'ono chabe. Posachedwa mtanda unali utagwirana, akuuziziritsa ndi madzi a m'ndowa yanga.

Tinanyamuka masana, kukuwaza kamvula. Mtanda unatsogola, bokosi pambuyo, amuna akulandirana osaima. Kumanda sindinalire kwambiri. Ndinalira pobwerera, nditaona mayi akuyenda okha kutsogolo.

Tsopano kwada kumene. Anthu ambiri apita, azakhali akusinza pamphasa, ndipo mayi akuyang'ana khoma. A Mulepa anabwera kudzatsazika, nasiya kiyi m'manja mwa mayi, mayi n'kundipatsa ine. Ndi yaing'ono kuposa mmene ndinkaganizira, yosalala mbali imene inkakhudza chifuwa.

Mawa m'mawa ndipita nayo kwa a Mulepa akasule ina yofanana nayo, yopachika pamsomali m'shedi pamene aliyense angaione. Iyi ndikabwera nayo.