Mbendera Yofiira ya Mlamu Wanga

Sikisi koloko m'mawa, mlamu wanga ali kale pa makina, akupinda m'mphepete mwa kansalu kofiira. Amuna ake ndi anzawo atayambitsa chipani chomenyera ufulu wa antchito, iye anawasokera mwaulere mbendera yaikulu ngati bulangete. Kenako achipaniwo anakangana pa nkhani yakuti kodi ogulitsa mumsika ndi antchito kapena mabwana. Chipani chinagawikana, mbendera n'kuidula pakati. Magulu awiriwo anagawikananso, ndipo chidutswa chilichonse chimabwerera kwa iye kuti achipinde, makasitomala ake akudikira.

Dzulo kagulu ka amuna ake kakangananso, pomwe mbendera yawo yatsala ngati kampango. Atamaliza kupinda, mlamu wanga anasuzumira pawindo n'kuitana mayi wa nyumba yoyandikana nayo.

"Aneba, mundisungireko sizasi yanga kwanuko. Abambo akuno akaifunsa, inu simunaione."