Anafika asananyamuke

Rosa, mwana wa a Zuze oyandikana nafe ku Thambani, anabwera ku holide ndi samu ya ku yunivesite imene inamuvuta. Ine pokhala mphunzitsi wa masamu, ndinakakhala pakhonde pawo modzitukumula.

Samuyo inali yowerengera mwayi wa zinthu ziwiri pamodzi: x nthawi imene munthu wanyamuka, y nthawi imene wafika. Ukaphatikiza mwayi wonse, yankho liyenera kukhala 1. Malire a y amayenera kuyambira pa x, poti munthu safika asananyamuke. Ine mwaphuma ndinayambira pa ziro, yankho n'kutuluka 2.

"Aphunzitsi, mwawerengeratu ndi anthu ofika asananyamuke," anatero Rosa.

M'malo movomera, ndinakhosomola. "Masamu apamwamba amalola zimenezo."

A Zuze, amene ankatong'ola chimanga chapafupi, anasiya.

"Ndiye kuti n'zoona," anatero motsitsa mawu. "Nthawi ya nkhondo, titathawira kuno, ndinamuona mng'ono wanga Paulo ataima pansi pa mtengo wa mango uwo, miyendo ili mbuu. Ndinamupatsa moni, osayankha. Tinadzamva kuti tsikulo anali akadali ku Mozambique, akumanga katundu. Anamupha asanatuluke n'komwe m'mudzi. Anthu ankati ndapenga."

Rosa anandiyang'ana, kudikira kuti ndilankhule. Ine maso anali pacholembera.

Mpaka lero sindinabweze mawu anga. A Zuze amauza aliyense kuti aphunzitsi anatsimikiza ndi masamu. Ndikudziwa bwino lomwe kuti ndinangophonya malire, koma ndikamadutsa pamtengo paja, ngakhale dzuwa lili paliwombo, ndimangozindikira ndapereka moni.