A Musasunthe ndi Mbale ya Pazenera

Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale. Aliyense mumsewu uja ankawatchula kuti a Musasunthe, chifukwa ndiwo mawu amene anakhala akunena moyo wawo wonse ali kuseri kwa kamera. Ankauza akwati, ana asukulu, ngakhale makanda amene sankamva n'komwe zonena munthu. Situdiyo yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa telala ndi wosoka nsapato. Pakhoma panali nsalu yojambulidwa nyumba yosanja ndi mitambo, ndipo amphawi ambiri a mumsewumo anakhalako m'nyumba yosanja imeneyo, ngakhale kwa kamphindi.

Kuseri kunali kachipinda kamdima kotsukiramo zithunzi, ndipo mtima wawo unkakhala kumeneko. Ankamiza pepala loyera m'beseni la mankhwala pansi pa babu lofiira, n'kumadikira. Nkhope inkatuluka pang'onopang'ono, maso poyamba, kenako pakamwa, ngati munthu amene akudzuka kutulo. Mafoni atabwera, anthu anayamba kudzijambula okha, mkono atatambasula, milomo atasongola. Situdiyo inatsekedwa, ndipo lero mumakhala wogulitsa makava a mafoni omwewo.

Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anatsegula malo odyera pangodya ya msewu: matebulo ochepa, kauntala, ndi zenera limodzi lalikulu loyang'ana kolowera dzuwa. Tsiku lina anabwera ndi katoni n'kuiika pamiyendo pa bambo ake. Munali kamera yatsopano yosafuna filimu, yokhala ndi kagalasi kumbuyo koonetsa chithunzi nthawi yomweyo.

"Ndikufuna zithunzi za chakudya zoti ndipachike pakhomo, Ababa," anatero. "Za pafoni zikumaoneka ngati zotsala za dzulo."

A Musasunthe anaseka, anathokoza, ngakhale katoniyo anainunkhiza. Koma anali ndi kanthu kamene ankabisa. Chakudza sichiyimba ng'oma: kuyambira chaka chatha dzanja lawo lamanja linali litayamba kunjenjemera. Ankaliika m'thumba la jekete, ndipo moni wapamanja ankapereka mothamanga ngati agwira poto wotentha. Mwana wawo anali ndi zakezake zomusowetsa tulo, ndiye sankafuna kukhala katundu winanso pamutu pake. Komanso tinene zoona, ankachita manyazi. Munthu wakhala ukulamula anthu kuti asasunthe, lero wosunthayo ukhale iweyo.

Anapita kumalo odyerako masana, odya nkhomaliro atabalalika. Choyamba anazimitsa magetsi onse a kudenga, ati amadwalitsa chakudya chikasu. Wophika, mayi wojintcha wa pakamwa posachedwa, anasuzumira pazenera la kukhitchini.

"Ndiye mujambula mumdima, achikulire?"

"Mdima uli kuti, mayi? Taonani zeneralo."

Dzuwa linali litapendeka. Linkadutsa m'katani yoyera yopyapyala n'kudzagona patebulo la pakona, lofewa, losapsa mtima. Tifumbi tinkayandama m'menemo mosafulumira, kukwera, kutsika, ngati tilibe kopita. Wophika anabweretsa mbale ya mpunga ndi nkhuku yowotcha, tomato woduladula pambali. Nthunzi itakwera n'kulowa m'kuwalako, inaoneka ngati ili ndi moyo wakewake. A Musasunthe anaiwala kuti ali m'malo odyera. Anazunguza mbale pang'ono, anapukuta kadontho ka msuzi m'mphepete, anaimika nsalu yoyera yopukutira m'manja kumbali yamthunzi kuti ibwezere kuwala pankhuku. Kenako kamtambo kanaphimba dzuwa, iwo n'kukhala pansi kudikira.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero.

"Nkhono yanuyo ikamadzatsegula maso, nkhuku yanga itazizira," anayankha wophika.

Kamtambo katapita anadzutsa kamera, n'kuwerama. Mwachizolowezi, mawu anangotuluka okha: "Musasunthe."

Wophika anaseka mpaka kugwira kauntala. "Imeneyo inasiya kusuntha m'mawa, achikulire. Ndinaonetsetsa ndekha." Anabwerera kukhitchini akusekabe.

A Musasunthe anadina batani n'kuyang'ana kagalasi. Mpunga unali utasanduka nkhungu, ndipo nkhuku inali ndi mapiko anayi. Chifukwa chake ankachidziwa. Kuwala kukachepa, kamera imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo, ndipo dzanja likagwedezeka pang'ono pokha, zonse zimalembedwa pachithunzi. Anayesanso atagwira mpweya. Anayesanso zigongono zili patebulo. Chala chikangofika pabatani, dzanja linkayamba gule wake. Masiku a filimu, zolakwika zinkagona mumdima, n'kudzaziona iwo okha chitseko chili chotseka. Kamera iyi inali yamiseche, yonena pomwepo. Chinawatonthoza n'chakuti chithunzi chilichonse chinkazimiririka pakagalasi pakapita kanthawi, ndipo iwo ankayesa kuti chikazimiririka ndiye kuti chapita.

Njira yothawira inalipo. Fulashi, kanyali kapakamera kong'anima, imawala mwachangu moti dzanja silipeza mpata wogwedezeka. Anacheuka, anaona kuti palibe akuwaona, n'kuitsegula. Kuwala kunangoti ng'ani.

Chithunzi chinatuluka chakuthwa, mpunga wowerengeka umodziumodzi. Koma nkhuku inali nyezinyezi mafuta ngati wakuba womuunika ndi tochi, kumbuyo kwa mbale kuli bii, nthunzi kulibe, dzuwa lija kulibe. Akanatha kumupatsa mwana wawo chimenechi. Mwanayo akanathokoza, akanachipachika pakhomo, ndipo palibe akanadziwa kanthu. A Musasunthe anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka fulashi ndi chala chachikulu.

Mwana wawo anatuluka kukhitchini akupukuta m'manja pa epuloni, n'kukhala pampando woyandikana nawo.

"Tione, Ababa."

"Sizinapsebe, mayi. Ndangojambula chimodzi choyesera."

Iye anatenga kamera, anadina kabatani kena kapambali, ndipo zonse zinabwerera, chimodzichimodzi, nkhungu pambuyo pa nkhungu. A Musasunthe anayang'ana kunja. Mumsewu munkadutsa munthu wanjinga, mthunzi wake wautali ukumutsatira pakhoma. Analakalaka atakwera nawo njingayo.

Mwanayo anafika pa chithunzi cha fulashi chija. "Ichi ndiye chaoneka bwinobwino."

"N'choipa."

"N'choipadi," anavomera. Anaika kamera patebulo mofatsa. "Ababa, mumaganiza kuti n'chifukwa chiyani tiyi wanu ndimathira theka la kapu?"

Iwo anatembenuka n'kumuyang'ana. Kenako anati, "Ine ndimati malonda akuphunzitsa kuumira."

"Ndimaopa kuti mungapse. Ndimadikira kuti munene nokha."

Manyazi anawagwira, koma pansi pa manyaziwo panali kupepukidwa, konga kwa munthu amene watula mtolo umene anaiwala kuti wasenza.

Mwana wawo anaitana wophika kuti abweretse mbale ina yotentha. Anakoka kampando kakafupi n'kukhala pakati pa bambo ake ndi tebulo, atawafulatira.

"Ikani paphewa langapa."

A Musasunthe anatsamiritsa kamera paphewapo. Linali phewa lolimba, la munthu wonyamula mapoto. Kuseri kwa khutu lake anaona imvi ziwiri zitatu zikuwala padzuwa, ndipo anadabwa kuti mwana amene ankamukhazika pampando wa musitudiyo miyendo ili lendelende wafika pomera imvi. Kamera inkakwera ndi kutsika pamodzi ndi kupuma kwake.

"Ukatulutsa mpweya, udikire pang'ono," ananong'ona.

Phewa linakhala phee. Anadina.

Pakagalasi panali mpunga woyera, khungu la nkhuku lofiirira, ndi nthunzi yopindika ikukwera m'dzuwa. Anayang'ana onse awiri, mitu itagundana, ndipo wophika naye anasuzumira.

"Lolemba sititsegula," anatero mwana wawo osatembenuka. "Tipita kuchipatala."

A Musasunthe anayang'ana kuzenera. "Tipita, mayi. Koma dzuwa latsala pang'ono. Auze abweretse supu."

Wophika atapita, anatsitsa kamera kuti apumule. Dzanja lamanja analisiya patebulo pomwepo, padzuwa, likunjenjemera, ndipo mwana wawo anaika lake pamwamba.