Chotsani nkhope ya munthu pageti la tchalitchi

Ndinayamba kudandaula Lamlungu loyamba la Malichi, pakamwa, titangotuluka m'mapemphero. Pasaka asanafike ndinalemba kalata. Mu Juni ndinalembanso ina. Makope ake ndili nawo m'faelo yanga yobiriwira, pamodzi ndi kapepala kamene mlembi anasaina kuti walandira. Chimene ndilibe ndi yankho.

Nkhani yake nayi. Mpingo wathu wa Amalawi okhala kunja, kuno ku Tabata, uli ndi gulu lofalitsa uthenga, limene Loweruka limapita ku Buguruni kukalalikira anthu osuta mankhwala ozunguza bongo otchedwa unga, anthu amene kuno amawatcha mateja. Ntchito yabwino, sindikukana. Koma pagulu lonselo Baibulo amanyamula ndi mmodzi. Mafoni amanyamula onse.

Mwa anthu amene anawapeza muli Mmalawi mnzathu, bambo wa ana akuluakulu, amene kale ankayendetsa lole pamsewu wa ku Songwe. Dzina lake sindilemba, ena alilemba kale mokwanira. Anamujambula ali thapsa kuseri kwa msika, dovu lili chuchuchu, osadziwa n'komwe kuti kunja kwacha. Atasiya unga n'kuyamba kulandira mankhwala kuchipatala, anamuveka jekete yobwereka n'kumujambulanso. Zithunzi ziwirizo zili pachinsalu chachikulu pageti la tchalitchi: uku KALE, uku LERO. Pansi pake pali nambala yotumizirapo chopereka.

Lachiwiri lapitali ndinakumana naye pokwerera daladala, maminibasi a kuno.

"Shikamoo, adadi," anandilonjera m'Chiswahili, monga amalonjerera akulu kuno.

"Marahaba. Bwanji simukuonekanso kutchalitchi?"

"Ndikuonekatu, adadi. Tsiku lililonse, pageti." Anaseka, koma kuseka kwake sikunapite patali. "Ntchito ija yakanika. Bwana anangondiyang'ana n'kuti, 'Iwe si uja wa pachinsalu? Lole yanga ndipatse teja?'"

Bwanayo ndi wa mpingo wathu womwewu. Amakhala mpando wakutsogolo, ndipo tsiku limene bamboyu ankachitira umboni, anaomba m'manja kuposa tonsefe.

Lolemba likubwerali bamboyu akukayesedwa ntchito kwa mwini malole wina. Galaja ya ameneyo ili mumsewu womwewo wa tchalitchi. Kodi mukuganiza kuti mwini maloleyo amadutsa pageti atatsinzina?

Ndinapita kwa mayi wapampando wa gululo.

"Abambo, umenewo ndi umboni," anatero. "Mukufuna tibise ntchito za Ambuye?"

"Mwini wake anavomera?"

"Anati ameni."

"Ameniyo anamunena liti, mayi? Ali chigonere kuseri kwa msika?"

Anandiuza kuti andipempherera, chifukwa ndili ndi mzimu wotsutsa. Ndinawapempha kuti zimenezonso andilembere. Sanalembe.

Abale anga, tinene zoona. Ife machimo timawayeza ndi mphuno. Tchimo likamanunkha thukuta ndi ngalande za ku Buguruni, timalijambula, timalisindikiza, timalipachika pageti. Likamanunkhira mafuta okwera mtengo, timalipempherera chamumtima n'kulipatsa mpando wa khushoni.

Alipo pakati pathu amene amakamwera ku Msasani, dera la anthu olemera, kumene Mmalawi wa daladala sangawaone. Alipo amene amapatsa madalaivala awo timapilisi toti asagone panjira, katundu afike msanga. Munthu akazolowera n'kugwera mu zoopsa, omwewo ndi amene amayamba kupukusa mutu. KALE wawo ali pachinsalu chiti? Kapena iwo anabadwa ali LERO?

Ndipo tandiuzani: ngati tikukhulupiriradi kuti munthuyu anakhululukidwa, chithunzi choyambacho tikuchisungiranji? Kumwamba anafufuta, ife talipira wosindikiza kuti akulitse. Mateja ena a ku Buguruni nawonso ali ndi maso. Aona kuti ukangoti ameni, mawa lake nkhope yako ili pamsewu. Ndani adzabwerenso?

Mukandiuza kuti nanenso ndikuweruza, sindikana. Koma ine sindinajambule munthu, sindinatchule dzina, ndipo ndinayamba ndi kugogoda pakhomo panu.

Choncho, ine mwini danga lino, membala wa mpingowu chikhazikitsireni, ndikupempha mwaulemu komiti ya gulu lofalitsa uthenga kuti itsitse chinsalucho Lolemba lisanafike, ndiponso kuti indiyankhe molemba, posainidwa. Ngati komiti yagamula kuti chinsalucho chikhalebe, yankholo litchule kuti ndani mwa akomiti wapereka chithunzi cha tsiku lake loipitsitsa, kuti tichipachike pambali pake.