Gaga wa Mahatchi a Boma

Bambo oyandikana nyumba ndi Veronika safika pakhomo pa munthu asanatsokomole kawiri. Amayenda motsimphina, poti hatchi inawaponda kalekale, ndipo amakonda kunena kuti, "Chiweto sichinama, onama ndife anthu."

Kwa zaka zambiri ankasamala mahatchi atatu amene boma linkayeserapo mankhwala kufupi ndi Magomero. Gaga wa mahatchiwo ankachokera ku boma, ndipo mwezi uliwonse mzungu ankabwera kudzawayeza mimba ndi chingwe.

Chaka china cha njala, mawere a Veronika atauma, bambowa ankamutapira gagayo mobisa kuti aziphikira mwana phala. Chingwe chitaonetsa kuti mahatchi akuwonda, mzungu anaitanitsa Veronika yemweyo kuti adzamasulire, poti anapitako kusukulu.

"Afunse, gaga akudya ndani?" anatero mzungu.

"Muwauze kuti ndine, mayi," anayankha bambowo osamuyang'ana. "Mimba yangayi siimva."

Veronika, mwana ali kumsana, anamasulira mawu onse bwinobwino. Anamasuliranso a mzungu akuti bambowo ntchito yawathera.

Masiku ano bambowa amalima maganyu. Akakumana ndi Veronika panjira amafunsa, "Amake Benedicto, mnyamata akudya?" Iye amagwada n'kuyankha kuti eya, koma kumaso sanawayang'anebe.